Pa Kauntala: Katundu Wobwezedwa Atawonongeka Azipita Kuti?

Makalata ambiri amene ndalandira mwezi uno akukhudza ngodya ya sitolo imene makasitomala saiona kawirikawiri, ndiyo kuseri kwa kauntala yolandirira madandaulo, kumene kumaunjikana maketulo okana kuwira, mapaketi obooka ndi zitini zopindika. Ndasankhapo asanu, ndipo monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba ndi a masitolo awo ndawachotsa.

FUNSO: Alangizi, ndagwira ntchito pa tilu kwa zaka ziwiri m'supamaketi ina kuno ku Lilongwe, ndipo mwezi wathawu anandisamutsira ku kauntala yolandirira katundu wobwezedwa. Palibe amene wandiphunzitsa chilichonse kupatula kabatani kodina pobweza ndalama. Kasitomala akabweretsa chinthu chowonongeka, anzanga amene ndinawapeza pamalopo amangochiponya m'chikatoni chachikulu chimene timati cha madameji, ndipo nthawi zina a supavaiza amabwera kudzatolamo zimene zikuoneka bwinoko n'kulamula kuti zibwerere pa shelefu. Powerenga sitoko sabata yatha panapezeka shoti, ndipo maso onse anali pa ine. Kodi katundu wotereyu ndizimusamala motani kuti ndisadzasenze mlandu wa eni? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Achemwali, kasitomala akaika ketulo yakufa pa kauntala panu amakhala atakubweretserani nkhani ziwiri, ndipo chisokonezo chimene mwachipezacho chimayamba chifukwa masitolo ambiri amangomaliza imodzi. Yoyamba ndi ya munthuyo, yoti abwezeredwe ndalama, apatsidwe ketulo ina, kapena yakeyo ikakonzedwe, ndipo imeneyi imatha pa mphindi zochepa, iye n'kumapita. Yachiwiri ndi ya ketuloyo, imene tsopano yabwerera m'manja mwa sitolo, ndipo ngakhale kuti siwira, m'mabuku idakali ndalama. Mukadina kabatani kaja, kompyuta nthawi zambiri imawonjezera ketulo imodzi pa sitoko ngati kuti ndi yogulitsika. Ikatayidwa, ikatengedwa ndi munthu, kapena ikaperekedwa kwa sapulaya popanda cholembedwa, kompyuta idzapitiriza kunena kuti maketulo alipo 12 pamene pa shelefu pali 11. Shoti munaiona ija imabadwa motero, ngakhale m'sitolo imene mulibe wakuba ndi mmodzi yemwe.

Ntchito yanu yaikulu ichitike kasitomala asanachoke. Tsegulani bokosi iye akuona, yerekezani nambala imene ili pa chipangizo ndi ya pa bokosi kapena pa lisiti, ndipo ngati pali soketi pafupi yesani chinthucho pomwepo. N'zoona kuti alipo ena amene amagula ayironi yatsopano n'kubweza yakale ya mtundu womwewo m'bokosi latsopanolo, koma cholinga chenicheni choyesera n'chakuti mulembe vuto monga momwe lilili. Mawu akuti “yawonongeka” sathandiza aliyense. Lembani kuti “imayaka koma sizima yokha madzi akawira”, kapena “chingwe chimatentha pafupi ndi pulagi”, chifukwa sapulaya akadzafika patapita masabata atatu inu mudzakhala mutaiwala, ndipo iye adzaiyatsa, n'kuona kuti ikuwira, n'kukana kuilandira. Kapepala kokhala ndi tsiku, nambala ya lisiti, mtengo, vuto ndi dzina lanu kamatidwe pa chinthu chenichenicho, pakuti mabokosi amasinthana mosavuta. Zomwezo zilowe m'buku la madameji, ndipo bukulo likhale la masamba a manambala kuti tsamba likang'ambidwa zidziwike.

Zimene a supavaiza anu akuchita zandikumbutsa ayironi ina imene tinaigulitsa katatu m'sitolo ina ku Limbe, kumene ndinkagwira ntchito ngati yanuyi. Woyamba kuigula anaibweza ponena kuti ikutentha mopitirira muyeso, ndipo popeza inkaoneka yonyezimira, wina anaipukuta, n'kumata bokosi ndi selotepi, n'kuibwezera pa shelefu. Wachiwiri anaibweza tsiku limene ine kunalibe. Wachitatu anali mayi amene anafika Lolemba m'mawa ali ndi ayironi kudzanja lamanja ndi yunifomu ya mwana wawo kudzanja lamanzere, malaya oyera okhala ndi chizindikiro chakuda cha ayironi pamsana penipeni, mabowo otulukira nthunzi akuoneka bwinobwino m'mizere yake. Bokosilo ndinalizindikira chifukwa cha ngodya yake yonyowapo kale ndi selotepi yathu yomwe ija. Kachipangizo koyang'anira kutentha kanali kakufa kuyambira ku fakitale. Tikanaibweza kwa sapulaya ulendo woyamba sitolo sikanataya ngakhale tambala, koma tinabweza ndalama katatu, tinalipira yunifomu, ndipo mayiwo anayankhula mokweza moti onse amene anali pa mzere wa tilu anamva dzina la sitolo ndi mtundu wa ayironi.

Chobwerera pa shelefu pa mtengo wake wonse ndi chokhacho chimene chilibe vuto, chimene kasitomala wabweza chifukwa anasokoneza saizi kapena mtundu, chili chosatsegula ndiponso chosagwiritsidwa ntchito. China chilichonse chisungidwe pamalo okiyidwa, otalikana ndi katundu wogulitsa, kufikira wina waudindo atalemba kumene chikupita. Chimene chinalakwika ku fakitale kapena chinafika chophwanyika pa lole chipite kwa sapulaya, ndipo woyendetsa galimoto yake asaine kuti wachitenga. Iye pambuyo pake amatumiza china kapena pepala lotchedwa credit note, limene limachepetsa ngongole ya sitolo. Pamenepa liwiro ndi lofunika kwambiri, chifukwa masapulaya ambiri amaika malire a masiku olandirira madandaulo, ndipo chikatoni chimene chimakhala miyezi itatu chikudikira munthu wochiganizira chimasandutsa vuto la fakitale kukhala la sitolo. Chimene changokandika kapena kupindika pang'ono koma chikugwira ntchito mosaopsa, monga filiji yokala pambali kapena poto wopanda chivundikiro, chingathe kugulitsidwa motsika mtengo, bola chilemacho chilembedwe poonekera komanso pa lisiti, kuti wogula adziwe chimene akugula. Zotsalazo ziwonongedwe pamaso pa anthu awiri, onse n'kusaina, kenako zichotsedwe m'kompyuta tsiku lomwelo.

Musaiwalenso kuti lisiti loyamba lija linalembedwa kale ku bungwe lotolera misonkho la MRA pamodzi ndi msonkho wa VAT. Kubweza ndalama kuchokera mu tilu popanda pepala lofafaniza malondawo, lotchula nambala ya lisiti loyamba, kumachititsa kuti sitolo ilipire msonkho pa malonda amene anathetsedwa, ndipo a maakaunti akadzaona kusiyanako adzayambira kufunsa pa kauntala panu.

Za a supavaiza, sindikukulangizani kukangana nawo pamaso pa anthu, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Gulani kope ngati sitolo ilibe buku, lembani chilichonse cholowa m'chikatonicho, ndipo iwo akafuna kutengamo kanthu muwapatse cholembera mwaulemu n'kunena kuti, “Bwana, mundisainire apa kuti ndisadzasokoneze powerenga sitoko.” Munthu woona mtima adzasaina mosavuta, ndipo wa zolinga zina adzasiya kubwera.

FUNSO: Alangizi, ndili ndi kashopu ka zipangizo zamagetsi ku Mzuzu. Kwa zaka zambiri pakhoma pakhala chikwangwani chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo mawu omwewo anadindidwa pansi pa malisiti anga. Posachedwapa bambo ena anabweza TV patangotha masiku anayi ponena kuti inangozima yokha, ndipo nditawalozera chikwangwanicho anandiopseza kuti akandinenera ku CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Ine ndikuganiza kuti inapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu kunyumba kwawo. Kumene ndimaoda nakonso salandira ndikafuna kubweza zinthu. Kodi ndilandire katundu amene sindingathe kumugulitsanso, n'kuluza ndekha? Wowerenga wa ku Mzuzu.

YANKHO: Bambo, yambani mwatsitsa chikwangwanicho, ndipo malisiti amene mudzadinditse ulendo wina asakhalenso ndi mawu amenewo. Malamulo a dziko lino salola wogulitsa kudzichotsera udindo pa katundu wolakwika, ndipo bungwe la CFTC lakhala likuchenjeza komanso kulanga masitolo chifukwa cha zikwangwani zotere. Lamulo loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 July chaka chomwecho n'kupatsa bungweli mphamvu yolamula lokha chindapusa chowerengedwa potengera ndalama zimene bizinesi imapeza pa chaka. Palinso lamulo loteteza ogula la 2003. Chikwangwani chanu sichingapose malamulo amenewa, ndipo pa mlandu chingakhale umboni wokutsutsani inu nomwe.

Zimenezi sizikutanthauza kuti muzilandira chilichonse. Munthu amene wagwetsa TV, waithira madzi, kapena wangosintha maganizo atafika kunyumba alibe mphamvu yokukakamizani, ndipo mukamulandira mwamuchitira chifundo chabe. Funso pa nkhani yanuyi n'lakuti inazima chifukwa chiyani, ndipo silingayankhidwe ndi kuganizira kwanu kapena kulumbira kwa bambowo. Ilandireni molemba kuti mwaitenga kukaiunika, muwapatse kapepala kotchula nambala yake ndi momwe ikuonekera, ndipo mugwirizane za katswiri wokonza amene nonse mukumukhulupirira, amene alembe zimene wapeza. Magetsi akabwera mwamphamvu nthawi zambiri amasiya mapazi: fyuzi yopsa, mwaye pamene chingwe chimalowera m'kati, ndiponso zipangizo zina za m'nyumbamo kapena za oyandikana nawo zimene zinafa tsiku lomwelo. Zikapezeka choncho, dandaulo lawo ndi la ku ESCOM, ndipo akapanda kukhutira angathe kupita nalo ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Koma katswiri akapeza m'kati muli bwinobwino, popanda chopsa, dziwani kuti TV imene yafa pa masiku anayi inabadwa yodwala, ndipo udindo ndi wanu wowapatsa ina, kuikonza ngati avomera, kapena kuwabwezera ndalama.

Ndikudziwa kuti chimene chikukupwetekani ndi kumtunda kumene mumaoda. Amalonda ambiri a kumpoto amatenga katundu ku Dar es Salaam, ndipo palibe amene angakwere basi kudutsa pa Songwe kukabweza TV imodzi. Ngati umo ndi momwe mumagulira, ndiye kuti waranti ndinu nomwe, ndipo mtengo wanu wogulitsira uyenera kukhala ndi kachigawo kophimba zimene zidzabwezedwe. Mukamaoda m'dziko momwe muno, kumbukirani kuti nanunso ndinu wogula, choncho pemphani invoisi yokhala ndi manambala a zipangizo ndi mawu olembedwa onena za kubweza, ndipo hoseli imene ikukana kulemba zimenezi muiganizire kawiri. Chipangizo chilichonse muzichiyatsa pamaso pa wogula asanalipire, n'kulemba nambala yake pa lisiti.

Musachedwetse nkhaniyi poyembekeza kuti bambowo atopa. Pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mikangano yambiri pa makauntala inali yoti ndalama zimene munthu analipira mwezi wapitawo sizikanathanso kugula chinthu chomwecho, moti ogula ankakana ndalama n'kumafuna katundu, pamene eni masitolo ankafuna kupereka ndalama n'kusunga katundu. Dandaulo likagonera limakwera mtengo pamodzi ndi zinthu. TV yakufayo, ikakhala yanu, musaikonze n'kuiika pakati pa zatsopano. Ilembeni kuti ndi yokonzedwa, kapena muigulitse kwa okonza mawailesi kuti achotsemo zipangizo.

FUNSO: Alangizi, ndimapakira katundu m'mashelefu m'sitolo ina yaikulu ku Blantyre. Mtima umandipweteka ndikaona zitini za nsomba zopindika, mabisiketi odutsa masiku ndi yogati wobwezedwa zikukatayidwa, pamene ife antchito malipiro safika kumapeto a mwezi. Mnzathu wina anachotsedwa ntchito alonda atamupeza ndi paketi ya shuga yobooka imene inali kale m'katoni ya madameji. Kodi kutenga chinthu chimene chikukatayidwa n'kuba? Nanga n'chifukwa chiyani sangotipatsa? Wowerenga wa ku Ndirande.

YANKHO: Achimwene, yankho la funso loyamba ndi lowawa koma ndi lachidule: paketi yobookayo ndi ya sitolo kufikira eni ake atalemba kuti aitaya kapena aipereka, ndipo kutuluka nayo pageti popanda pepala ndi mlandu wofanana ndi kutuluka ndi yabwinobwino. Kawirikawiri paketiyo imakhala ikudikira sapulaya, amene salipira chimene sanachione ndi maso. Palinso chifukwa china chimene mabwana sakonda kuchinena poyera. M'sitolo ina imene ndinagwiramo ntchito munali chizolowezi chogawira antchito madameji kumapeto a sabata, ndipo pasanathe miyezi iwiri mapaketi a shuga ndi mpunga anayamba kubooka mochuluka modabwitsa, onse pamalo amodzi, pansi pa msoko, ndi mzere wowongoka umene khoswe sangaudule koma lezala. Chizolowezicho chinathera pomwepo, ndipo amene analuza anali antchito okhulupirika.

Komabe ndikugwirizana nanu kuti zambiri zimene zimatayidwa sizinayenere kufika potayidwa, ndipo mlandu wa zimenezi ndi wa oyendetsa sitolo. Mawu akuti “Best before” pa paketi ya mabisiketi amanena za kukoma kwake, pamene akuti “Use by” kapena “Expiry” pa mkaka, nyama ndi yogati amanena za chitetezo cha moyo. Koma oyendera masitolo ochokera ku bungwe loona za ubwino wa katundu la MBS, ku CFTC ndi ku makhonsolo akapeza katundu wodutsa tsiku lolembedwa ali pa shelefu amamulanda, choncho nthawi yopulumutsira mabisiketi ndi masabata angapo tsikulo lisanakwane, powatsitsa mtengo, ndipo inu amene mumapakira ndinu oyamba kuona masiku. Kuika katundu watsopano kumbuyo ndi wakale kutsogolo kumachepetsa chikatoni cha madameji kuposa lamulo lililonse lochokera ku ofesi. Shuga wobooka paketi, sopo wophwanyika ndi zina zotere zingathe kugulitsidwa kwa antchito pa mtengo wotsika, kudzera pa tilu, ndi lisiti loonetsa alonda. Zimenezi mungathe kuzipempha kudzera kwa oimira antchito, ndipo masitolo ena amachita.

Zitini ndi nkhani ina. Chitini chopindika pang'ono pamimba chimakhala chilibe vuto, koma chimene chapindika pa msoko wa m'mbali kapena m'mphepete mwa chivundikiro, chimene chikudontha, chachita dzimbiri lodya, kapena chafufuma pamwamba, sichiyenera kudyedwa ndi munthu aliyense, kaya ndi kasitomala, wantchito kapena mwana wamasiye. Msoko ukatseguka ngakhale pang'ono tizilombo timalowa, ndipo tina mwa timene timakula m'zitini timatulutsa poizoni wolumalitsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma, poizoni amene nthawi zina sanunkha ndiponso sasintha kukoma kwa chakudya. Mu July 2021 kampani ya Tiger Brands ya ku South Africa inaitanitsa kuti zibwezedwe kuchokera m'masitolo zitini za ndiwo zamasamba pafupifupi 20 miliyoni, za KOO ndi Hugo's, chifukwa cha msoko wa m'mbali umene unali wosagwira bwino pa zina mwa izo. Kampani siitanitsa katundu wochuluka chotero chifukwa cha maonekedwe.

Yogati, soseji, nkhuku ndi chilichonse cha mufiliji, chikangotuluka pakhomo la sitolo n'kubwerera, chisalowenso mufiliji yogulitsira ngakhale chili chosatsegula, pakuti palibe amene akudziwa kuti chakhala maola angati m'chikwama, mu minibasi yodzaza, dzuwa la October likuswa mtengo. Ambiri akukumbukira za polony wa mu 2018, pamene nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, Aaron Motsoaledi, inalengeza pa 4 March kuti matenda a listeriosis, amene anadwalitsa anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, anachokera ku fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Malawi anali m'gulu la mayiko amene analetsa nyama zoterezi kuchokera kumeneko. Kachilombo koyambitsa matendawa kamakula ngakhale m'malo ozizira a mufiliji ndipo kamafalikira ku zakudya zoyandikana nazo, n'chifukwa chake katundu woitanitsidwa amamangidwa m'mapulasitiki, kulembedwa, n'kusungidwa payekha. Pa nthawi yotere wa pa kauntala amayang'ana nambala ya gulu la katunduyo ndi tsiku lopangira, ndipo sitolo yanzeru imalandira ngakhale kwa munthu amene lisiti anataya.

Potaya, chakudya choopsa chisapite ku dzala chili m'mapaketi ake. Aliyense amene anafikapo ku Mzedi, kotayirako zinyalala za mzinda wa Blantyre, akudziwa kuti galimoto yotaya zinyalala imalandiridwa ndi anthu isanaime n'komwe, ndipo chimene chatayidwa chili chomata chingathe kupezeka mawa lake pa benchi mumsika. Zitini zibooledwe, mapaketi atsegulidwe, za m'kati zisakanizidwe ndi dothi, ndipo ngati katunduyo ndi wambiri aitanidwe a zaumoyo a ku khonsolo kuti aonerere ndi kupereka chikalata, chimene chimathandizanso pofotokozera a misonkho ndi a inshuwalansi.

FUNSO: Alangizi, ndimagulitsa m'hadiweya ina ku Kasungu. Kasitomala anabweza matumba atatu a simenti tsiku lomwe anagula, ponena kuti m'kati munali mibulu youma. Ndinaona kuti n'zoona ndipo ndinamusinthira. Abwana atabwera anakwiya, ndipo kumapeto a mwezi anandidula ndalama za matumba onse atatu. Kodi zimenezi n'zololedwa? Wowerenga wa ku Kasungu.

YANKHO: Achimwene, lamulo la ntchito la 2000 limaletsa wolemba ntchito kulipiritsa wantchito chindapusa, ngakhale kuti limamulola kudula ndalama zobwezera katundu amene wantchitoyo wawononga. Simenti siuma mibulu pa tsiku limodzi pokhapokha itanyowa ndi mvula, ndipo thumba lonyowa limaoneka. Imauma pang'onopang'ono ikakhalitsa m'chipinda cha chinyezi, makamaka matumba ogona pansi popanda matabwa kapena otsamira khoma, choncho matumbawo anachoka m'hadiweya ali owonongeka kale, ndipo inu simunawononge kanthu powalandira. Chimene abwana angakudzudzuleni nacho ndi chimodzi chokha, ngati pali lamulo lodziwika la pantchito loti kusintha katundu kuzidikira iwo, koma ngakhale pamenepo anayenera kukumvani kaye, ndipo chilango chiyenera kulingana ndi cholakwa. Alembereni kalata yaulemu yopempha kuti ndalamazo zibwezedwe, sungani kope lake pamodzi ndi pepala la malipiro, ndipo akakana pitani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene ikalephera kukuyanjanitsani nkhani imapita ku khoti loona za ntchito. Muwapemphenso kuti ayang'ane matumba ena a mzere wapansi asanafike kwa makasitomala, chifukwa n'zokayikitsa kuti chinyezicho chinasankha atatu okha.

FUNSO: Alangizi, ndimagulitsa mafoni ku Zomba. Mayi ena abweza foni imene batire lake lafufuma mpaka kukankha chivundikiro. Ndawapatsa ina, koma yowonongekayo ndaiika m'dilowa pamodzi ndi matchaja ndi mabatire ena podikira kuti ndidzapite nayo kumene ndinaoda. Kodi ndalakwitsa? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Mayi, itulutseni m'dilowamo lero lomwe. Batire la lithium limafufuma chifukwa cha mpweya umene ukupangika m'kati mwake pamene likuwonongeka, ndipo likabooledwa, kupanikizidwa, kutenthedwa kapena kutchajidwa lingathe kuyaka moto woopsa umene umayatsanso mabatire oyandikana nalo. Zimitsani foniyo, musaitchajenso ngakhale pofuna kuonetsa sapulaya vuto lake, ndipo musayese kukanikiza chivundikiro kuti chibwerere. Ijambuleni chithunzi chooneka bwino kufufumako ndi nambala yozindikirira foniyo yotchedwa IMEI, tumizani kwa amene munaoda, ndipo podikira muiike m'chitini chachitsulo kapena mumphika wokhala ndi mchenga wouma, pamalo ozizira, kutali ndi makatoni, mapepala ndi dzuwa. Popita nayo musaiike m'thumba la zovala kapena pansi pa katundu wolemera mu basi. Ngati mayiwo anasiyamo zithunzi ndi mauthenga awo, aitaneni adzachotse simu ndi memori khadi okha, ndipo asaine kuti foniyo aisiya m'manja mwanu.